Mabuku a pagolosale: kalembedwe kake ndi momwe mungadziwire ngati geni ikupindula

Golosale itha kugwa anthu akugula. Kabati imadzaza madzulo aliwonse, mwini wake n'kumagona mtima uli m'malo, kufikira tsiku lomwe wapita kukaoda ku Limbe kapena ku Malangalanga n'kupeza kuti ndalama yomwe wanyamula ikungokwana theka la katundu yemwe ankatenga kale. Palibe wamuthyolera. Ndalamayo yasungunuka pang'onopang'ono, ina m'ndiwo za kunyumba, ina m'ngongole za anthu a m'dera, ina m'mitengo yomwe inakwera iye osasintha yake. Ndalama ya m'kabati si phindu, ndipo chomwe chingakuuzeni gawo lomwe lili lanu pa ndalamayo ndi buku.

Malangizo awa ndi a munthu wa okala kapena golosale, koma wa saluni, wa chigayo ngakhale wogulitsa kaunjika atha kuwatsatira posintha mayina a katundu. Ziwerengero za m'zitsanzo ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke. Inu muikepo zanu.

Gulani mahadikava atatu, limodzi la ndalama, lina la ngongole, lachitatu la katundu. Kope ya ana asukulu musaidalire, masamba ake amathothoka ndipo tsiku lina mudzapeza wina wakulungira mchere tsamba la mwezi wathunthu. Muwonjezere bolopeni, lula, ndi kathabwa kokhomedwa msomali woloza kumwamba, kobayapo malisiti. Kalukuleta ili kale pa foni yanu.

Choyamba: patulani thumba la geni ndi la kunyumba

Mfundo yoyamba ya akawuntanti aliyense ndi yoti bizinesi ndi munthu payokha, ndipo inu mwini ndinu munthu wina. Mukatenga paketi ya shuga pa shelefu kuti ana amwere tiyi, mwatenga ya mwini wake, choncho ilembedwe.

Apa ndi pomwe geni zathu zimavutikira, chifukwa golosale ya kwathu kuno siidyetsa munthu mmodzi. Maliro akagwa kumudzi foni imalirira wa golosale. Fizi ya mwana wa achemwali, thiransipoti ya apongozi, chopereka cha ku mpingo, zonse zimatuluka m'kabati momwemo. Sindikuti muleke kuthandiza abale. Ndikuti mudziikire malipiro, kaya a sabata kaya a mwezi, ndipo thandizolo lizichoka pa malipiro anuwo. Kumapeto kwa buku la ndalama patulani masamba a "zotenga mwini", ndipo ndalama kapena katundu aliyense wopita kunyumba alowe mmenemo, katunduyo pa mtengo womwe munamuodera. Zotenga mwini si zowonongera geni. Lendi ya golosale imachepetsa phindu, koma nsomba ya kunyumba imadya mpamba.

Ngati mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, khalani ndi nambala ya geni yokha. Nambala yomwe mumalandirirapo makasitomala ikakhala yomweyo yogulira bando ndi yotumizira amayi kumudzi, pakutha pa mwezi simudzatha kumasula mfundoyo.

Chachiwiri: werengani zomwe muli nazo lero

Buku siliyambira m'malere. Sankhani tsiku, makamaka loyamba la mwezi, mutseke msanga kapena mulawirire musanatsegule, muwerenge zonse. Katundu muwerenge pa mtengo woodera, osati wogulitsira, chifukwa phindu la chinthu chomwe chikadali pa shelefu simunalipeze. Zipangizo muziike pa mtengo womwe zingagulidwe lero monga zilili, osati womwe mumalakalaka.

Zomwe geni ili nazo:
Ndalama m'kabati K60,000
Ndalama pa foni K90,000
Katundu K850,000
Furiji, mashelefu ndi sikelo K480,000
Ngongole zomwe makasitomala ali nazo kwa inu K70,000
Zonse pamodzi K1,550,000

Zomwe geni ikuyenera kubweza:
Banki mkhonde K200,000
Wobweretsa buledi K40,000
Zonse pamodzi K240,000

Mukachotsa K240,000 pa K1,550,000 patsala K1,310,000. Umenewu ndiye mpamba wanu weniweni. Tsamba ili ndi lomwe akawuntanti amalitcha balansi shiti, ndipo lamulo lake ndi limodzi: zomwe geni ili nazo zimafanana nthawi zonse ndi ngongole zake kuphatikiza mpamba wa mwini. Lembani tsiku pamwamba pake ndipo mulisunge bwino, mudzalifuna pakutha pa mwezi.

Chachitatu: buku la ndalama

Ili ndi buku la tsiku ndi tsiku, ndipo ngati ulesi ungakugwireni mpaka kusiya mabuku ena, ili lokha musalisiye.

Tsegulani hadikava pakati pa masamba awiri oyang'anana. Lamanzere ndi la zolowa, lamanja la zotuluka. Tsamba lililonse mulijambule mizere inayi: tsiku, za chiyani, kabati, foni. Amene ali ndi akaunti ku banki awonjezere mzere wachisanu.

Zotuluka zilembeni nthawi yomweyo, dzanja lisanabwerere m'thumba. K3,000 ya wakabaza yemwe wakutulirani makatoni, K500 ya majumbo, chiphaso cha khonsolo, zonsezi madzulo simudzazikumbukira, ndipo ndi zing'onozing'ono zomwezi zomwe zimapangitsa masamu kukana. Pamene pali lisiti, ibayeni pa msomali uja. Malisiti a makina aja, a pepala loterera, amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha, ndiye ajambuleni pa foni tsiku lomwelo.

Zogulitsa ndiye zovuta. Pa golosale yomwe anthu amagula machesi, switi ndi kachubu ka mafuta, simungalembe chinthu chilichonse mzere uli pakhomo. Njira yake ndi kuwerengera chobwerera m'mbuyo. M'mawa muyambe ndi chenje chodziwika, tinene K20,000. Masana mwalipira buledi K28,000, wakabaza K3,000, ndipo mwapatsa mwana K6,000 ya ndiwo, zonse K37,000. Kasitomala wina wabweza ngongole yakale ya K10,000. Madzulo mwawerenga m'kabati mwapeza K63,000. Tsopano phatikizani K63,000 ndi K37,000 yomwe inatuluka, ikwana K100,000. Chotsanipo chenje cha m'mawa ndi K10,000 ya ngongole ija. Yotsala, K70,000, ndiyo mwagulitsa pa kashi tsiku limenelo. Lembani mzere umodzi kumanzere: zogulitsa K70,000.

Onani kuti K10,000 ija yalowa m'kabati koma si malonda a lero. Malonda ake anachitika tsiku lomwe katundu anatuluka. Ikhale ndi mzere wakewake, "kubweza ngongole", apo ayi mudzaiwerenga kawiri. Chimodzimodzi ndalama yomwe mwakongola ku banki mkhonde, yomwe mwalandira ku chipereganyu, kapena yomwe mchimwene wa ku Johannesburg watumiza kuti muwonjezere mpamba. Zonsezi zimalowa kumanzere, koma palibe ngakhale imodzi yomwe ili phindu.

Njira yowerengera chobwererayi ili ndi chilema chimodzi chomwe muyenera kuchidziwa: wina akatapa m'kabati, bukulo lingoonetsa ngati malonda anali ochepa. Chomwe chimagwira zoterozo ndi buku la katundu, lomwe tifikeko posachedwa.

Za pa foni zili ndi misampha yake. Kasitomala akati "ndatumiza", musakhutire ndi uthenga womwe akukuonetsani pa foni yake, ngakhale womwe wafika pa yanu, chifukwa akamberembere amatha kupeka uthenga wooneka ngati weniweni. Funsani balansi nokha. Mukatapa ndalama kwa ejenti kuti muike m'kabati, lembani mbali ziwiri: yatuluka pa foni, yalowa m'kabati. Simunagulitse kanthu, mwangoisuntha. Koma yomwe akudulani potapa ndi yowonongeka ndithu, ilembeni kumanja. Anthu amainyozera chifukwa imachoka pang'onopang'ono, komatu pa mwezi imatha kufanana ndi phindu la mabelo angapo a shuga.

Musanatseke chitseko, tsekani buku. Zomwe munali nazo m'mawa, kuphatikiza zolowa, kuchotsa zotuluka, zifanane ndi zomwe zili m'manja ndi balansi ya pa foni. Zikasiyana, musakonze nambala kuti zigwirizane. Lembani poyera kuti "yosowa K1,500" kapena "yapitirira K800". Kusowa kwa apo ndi apo ndi chenje cholakwika, koma kukamabwera masiku omwe pa kaunta pamakhala munthu yemweyemweyo, buku layamba kulankhula. Mukalakwitsa polemba, dulani ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, mulembe cholondola pambali. Kufufuta ndi kung'amba masamba kumachotsa chikhulupiriro pa buku lonse.

Chachinayi: buku la ngongole

Pafupifupi golosale iliyonse ili ndi chikwangwani choti wokongoza watuluka abwera mawa, ndipo pafupifupi iliyonse imakongozabe. M'dera momwe anthu amalandira pakutha pa mwezi, kukaniratu ngongole ndi kuthamangitsa makasitomala. Chofunika ndi kuigwira pakhosi.

Munthu aliyense akhale ndi tsamba lake. Pamwamba dzina, nambala ya foni ndi malire a ngongole yomwe mungamupatse. M'munsi mizere ya tsiku, zomwe watenga, mtengo, zomwe wabweza ndi zotsala. Asayine kapena aone ndi maso ake mukulemba. Akatuma mwana, lembaninso dzina la mwanayo, chifukwa mkangano wambiri umayambira pa "ine sindinatume munthu". Wafika pa malire, ayambe wabweza.

Kamodzi pa mwezi dutsani m'bukuli ndi bolopeni yofiira. Ngongole yosakwana mwezi ndi yamoyo. Ya miyezi iwiri ikufuna kuyenderedwa. Yomwe yadutsa miyezi itatu, mwini wake anasamuka kapena akumadzera njira ina, muichotse pa chuma cha geni ndipo muilembe ngati yowonongeka. Kuichotsa m'masamu sikutanthauza kuti mwamukhululukira. Pitirizani kulonjerera, akabweza mudzailemba ngati yolowa. Akawuntanti amati chuma usachikuze ndipo ngongole usaichepetse, akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Kumbuyo kwa buku lomweli lembani omwe inu muli nawo ngongole, pamodzi ndi tsiku lobweza. Pa ngongole ya chiwongoladzanja, siyanitsani ziwiri: K70,000 yomwe mwapereka ku banki mkhonde itha kukhala K50,000 yobweza yomwe munatenga ndi K20,000 ya chiwongoladzanja. Yowonongera geni ndi K20,000 yokhayo. Inayo yangochepetsa ngongole.

Chachisanu: katundu ndi mitengo

M'buku la katundu lembani zonse zomwe mwaoda: tsiku, komwe mwagula, kuchuluka, mtengo, ndi thiransipoti yofikitsira katunduyo pakhomo. Thiransipotiyo ndi gawo la mtengo wa katundu. Belo la shuga la mapaketi 20 mukaligula K60,000 ndipo kulinyamula kwadya K2,000, paketi imodzi yakudyerani K3,100, osati K3,000. Mukagulitsa K3,500 mwapindula K400.

K400 imeneyi ili ndi nkhope ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza. Poyerekeza ndi mtengo woodera ndi pafupifupi K13 pa K100 iliyonse, koma poyerekeza ndi ndalama yomwe kasitomala wapereka ndi pafupifupi K11 pa K100. Mukamayang'ana m'kabati madzulo n'kumadzifunsa kuti yanga ndi iti pamenepa, gwiritsani ntchito yachiwiriyo.

Kuwerenga katundu yense kuchitike kamodzi pa mwezi, koma zinthu zothamanga monga shuga, sopo, mazira, mafuta ophikira ndi zakumwa muziwerenga sabata iliyonse. Munali ndi mapaketi 15, mwaoda 60, atsala 22, ndiye kuti atuluka 53. Kodi ndalama ya mapaketi 53 ikuoneka m'buku la ndalama, la ngongole kapena pa zotenga mwini? Ngati sikuoneka, shuga akutuluka ndi khomo lina.

Zinthu zogawa ndiye zimanamiza kwambiri. Chigubu cha mafuta cha malita 20 papepala chimatulutsa timiyezo todziwika, koma pa kaunta pali kutayikira, pali totsalira m'chigubu, pali kadontho ka basela ka kasitomala wa tsiku ndi tsiku. Yesani kamodzi: tsegulani chigubu chatsopano, ndalama yake yonse muziponya m'kachitini kapadera mpaka chithe, kenaka muwerenge. Chitani chimodzimodzi ndi thumba la mpunga, la mchere ndi la ufa wopimira m'timapepala. Ena amadabwa kupeza kuti chinthu chomwe chimawatangwanitsa tsiku lonse chimangobweza mpamba wake.

Zowonongeka zilembedwe: mazira osweka pa thileyi, mkaka womwe wasasa magetsi atazima, bisiketi zomwe zadutsa tsiku lake. Poika katundu watsopano pa shelefu, wakale abwere kutsogolo kuti ayambe kutuluka.

Tsopano nkhani yomwe yapha mipamba yambiri m'zaka zapitazi. M'mwezi wa May 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti. Nthawi ngati zimenezo mitengo ya ku holoselo imasintha katundu wanu akadali pa shelefu. Tibwerere ku belo lija. Mwagulitsa mapaketi onse 20 pa K3,500, mwapeza K70,000, ndipo buku likuti mwapindula K8,000. Mwafika kooda mwapeza belo lili pa K72,000. Phindu lija pamodzi ndi mpamba wake sizikukwana kugula belo lomwelo. Buku silinaname, koma geni yachepa. Choncho poika mtengo muzifunsa kuti chinthuchi ndikachigula zingati mawa, osati ndinachigula zingati dzulo. Imbani foni ku holoselo musanatsegule belo latsopano. Izi n'zosiyana ndi kubisa katundu kuseri podikira kuti asowe, khalidwe lomwe bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalimbana nalo, ndiponso makasitomala saliiwala. Komanso pa tsamba lina muzilemba mpamba wanu m'katundu, kuti mwezi uno sitoko ndi mabelo angati, makatoni angati, zigubu zingati. Makwacha atha kukwera pomwe mashelefu akupepuka.

Chachisanu ndi chimodzi: kutha kwa mwezi

Patulani madzulo amodzi, foni ikhale patali. Yambani ndi zogulitsa zonse za mwezi, kuphatikizapo za pa ngongole, chifukwa malonda amawerengedwa tsiku lomwe katundu watuluka, osati lomwe ndalama yafika.

Pa kashi K1,950,000
Pa foni K330,000
Pa ngongole K120,000
Zogulitsa zonse K2,400,000

Kenaka pezani mtengo wa katundu yemwe wagulitsidwayo. Apa ambiri amangochotsa zomwe aoda mwezi umenewo, komwe ndi kulakwitsa, chifukwa wina mwa katundu yemwe mwagulitsa anali wa mwezi watha ndipo wina yemwe mwaoda akadali pa shelefu. Katundu woyamba naye mwezi anali K850,000. Mwaoda wa K2,080,000 pamodzi ndi thiransipoti. Zonse K2,930,000. Mwawerenga wotsala mwapeza K900,000, ndipo wopita kunyumba ndi wa K70,000. Mukachotsa ziwirizi patsala K1,960,000. Chotsani imeneyi pa K2,400,000, mupeza K440,000. Ili ndi phindu la pa katundu, musanalipire chilichonse. Musayambe kusangalala.

Zowonongera geni:
Lendi K70,000
Magetsi K35,000
Mlonda K15,000
Chiphaso ndi majumbo K18,000
Zodulidwa pa foni K12,000
Chiwongoladzanja K20,000
Ngongole yoferatu K10,000
Kutha kwa zipangizo K10,000
Zonse pamodzi K190,000

Mzere womalizawo ufunika kuufotokoza. Furiji siilipiritsa mwezi ndi mwezi, koma ikukalamba, ndipo tsiku lomwe idzafe idzafuna ndalama yambiri nthawi imodzi. Ngati zipangizo za K480,000 mukuona kuti zikutumikirani zaka 4, yomwe ndi miyezi 48, ndiye kuti mwezi uliwonse zikutha ndi K10,000. Wochenjera amaipatuladi ndalamayo n'kuisunga. Pa chifukwa chomwecho, mukagula furiji yatsopano musaiike yonse pa zowonongera za mwezi umodzi. Ndi chuma cha geni, chizilowa m'masamu pang'onopang'ono. Lendi nayo ikhale ya mwezi wake: mukalipiriratu miyezi itatu, gawani patatu, ndipo ngati simunalipire ya mwezi uno ilembenibe, ndi ngongole.

K440,000 kuchotsa K190,000, phindu lenileni ndi K250,000.

Chachisanu ndi chiwiri: nanga phindulo lili kuti?

Funso ili ndi lomwe limagwetsa anthu ulesi. Buku likuti K250,000, koma m'kabati ndi pa foni mwatsala K20,000 yokha, pomwe munayamba mwezi ndi K150,000. Ena amafika potaya buku n'kumati masamu a akawuntanti ndi abodza, ena amayamba kukayikira mnyamata wa pa kaunta, kapena kuganiza zoti wina akuwakawa ndi chitaka. Musanapite kutali, tsatani mapazi a ndalamayo.

Mwini watenga K210,000 ya kashi ndi katundu wa K70,000, zonse K280,000. Sitoko yakwera kuchoka pa K850,000 kufika pa K900,000, ndiye K50,000 ili pa shelefu. Ku banki mkhonde mwabweza K50,000 ya ngongole yeniyeni. Ngongole za makasitomala zachoka pa K70,000 kufika pa K80,000, popeza atenga za K120,000, abweza K100,000 ndipo K10,000 mwaitaya; apa K10,000 ina yatsakamira. Zonsezi zikukwana K390,000. Kumbali inayo kuli phindu la K250,000 ndi K10,000 ya kutha kwa zipangizo yomwe sinatuluke m'thumba, K260,000. Kusiyana kwake ndi K130,000, ndipo ndi ndendende yomwe yatsika pa K150,000 ija. Palibe tambala yomwe yasowa.

Lembaninso balansi shiti monga munachitira tsiku loyamba. Ndalama K20,000, katundu K900,000, zipangizo K470,000, ngongole za makasitomala K80,000, zonse K1,470,000. Ngongole zanu ndi K150,000 ya banki mkhonde ndi K40,000 ya buledi, K190,000. Mpamba watsala K1,280,000. Yesani ndi njira ina: mpamba woyamba K1,310,000, kuphatikiza phindu K250,000, kuchotsa zotenga mwini K280,000. Yankho ndi lomwelo, K1,280,000. Njira ziwirizi zikagwirizana, mabuku anu ali bwino. Zikasiyana, pali china chomwe sichinalembedwe, ndipo kawirikawiri chimakhala pa tsamba la zotenga mwini.

Golosale iyi ikupindula, koma yachepa ndi K30,000 m'mwezi umodzi, chifukwa mwini wadya kuposa zomwe yabereka. Zikapitirira chonchi chaka chathunthu, K360,000 ya mpamba yapita, mitengo isanakwere n'komwe. Masamu omwewa akukuuzaninso chochita. Phindu la pa katundu ndi pafupifupi K18 pa K100 iliyonse yogulitsa. Kuti mungolipira zowonongera za K190,000 muyenera kugulitsa zopitirira pang'ono K1,000,000 pa mwezi, ndipo kuti muzitenga K280,000 osakhudza mpamba, malonda afike cha m'ma K2,600,000. Ngati sangafike, malipiro anu atsike pansi pa K250,000, kapena muonenso mitengo, kapena muchepetse zinthu zomwe zimagona pa shelefu miyezi n'kuika ndalamayo pa zothamanga. Ine ndingayambire pa malipiro a mwini, chifukwa ndi chokhacho chomwe mungasinthe lero popanda kupempha munthu.

Geni ikakula

Mwina mwaona kuti chilichonse chomwe talemba chimakhudza malo awiri. Mukaoda pa kashi, ndalama yatsika, katundu wakwera. Mukakongoza, katundu watsika, ngongole ya kasitomala yakwera. Mukakongola, ndalama yakwera, ngongole yanu yakweranso. Awa ndiwo maziko a kalembedwe ka mbali ziwiri, ka debiti ndi kirediti, komwe Luca Pacioli, katswiri wa masamu wa ku Italy, anakafotokoza m'buku lomwe linasindikizidwa ku Venice mu 1494, potengera momwe amalonda a kumeneko ankachitira kale. Mapulogalamu a pa kompyuta monga QuickBooks ndi Sage amayendera lamulo lomwelo. Wa golosale imodzi sakufunika kuthamangira zimenezo. Mahadikava atatu aja, kapena Excel kwa amene ali ndi laputopu, akukwana. Pulogalamu siikonza ulesi wa kulemba, imangowerengera msanga zomwe mwaipatsa.

Mabuku amayamba kugwira ntchito kunja kwa golosale mukafuna ngongole ku banki kapena ku SACCO, chifukwa kumeneko amafunsa umboni wa momwe ndalama zimayendera, ndipo hadikava ya miyezi 12 yolembedwa mosadumphadumpha pamodzi ndi sitetimenti ya pa foni zimakuyankhulirani. Chimodzimodzi pa za msonkho. Mukafuna kugulitsa ku sukulu, ku kampani kapena ku boma adzakufunsani satifiketi ya kulembetsa bizinesi ndi TPIN, nambala ya okhoma msonkho ya ku Malawi Revenue Authority (MRA). Malire a yemwe ayenera kulembetsa VAT, msonkho womwe wogulitsa amawonjezera pa mtengo n'kukapereka ku boma, ndi milingo ya misonkho zimasinthidwa mu bajeti ya boma, ndiye pitani ku ofesi ya MRA yomwe muli nayo pafupi mutanyamula chiwerengero cha zogulitsa zanu za chaka, akuuzeni gulu lomwe mukugweramo. Wopanda mabuku amamuyerekezera msonkho, ndipo alibe pogwira pofuna kutsutsa. Ngati mwalembetsa VAT, kumbukirani kuti yomwe mwatolera kwa kasitomala si yanu ngakhale tsiku limodzi. Ikhale ndi mzere wake m'buku, ndipo ngati n'kotheka ndi akaunti yake.

Mabuku odzaza musatayire ku bafa kapena kuyatsira mbaula. Alembeni chaka pachikuto, malisiti a mwezi uliwonse muwamange m'envelopu yake, zonse zikhale m'katoni pamalo posafika madzi ndi chiswe, chifukwa a msonkho atha kufunsa za zaka zam'mbuyo. Mukafika polemba antchito angapo, potsegula shopu yachiwiri kapena poyamba kuitanitsa katundu kunja, pezani akawuntanti wovomerezeka ndi Institute of Chartered Accountants in Malawi kuti azikuonerani mabuku ngakhale kamodzi pa miyezi itatu. Mukagwirizane mtengo musanamupatse ntchito, ndipo buku la ndalama la tsiku ndi tsiku lizikhalabe m'manja mwanu.